Wogwira Chishalo

Fumbi ndilo linayamba kufika. Linatulukira kuseri kwa mitengo ya bulugamu ya pamsewu wochokera ku Boma, lofiira psuu, likukwera pang'onopang'ono ngati utsi wa lupsa. M'kati mwa fumbilo munali lole, ndipo pamwamba pa loleyo panali mwamuna wanga, atakhala pa matumba a feteleza, atafungatira bokosi lalitali monga mayi amafungatira mwana wodwala. Unali mwezi wa Okutobala. Dzuwa linali likuswa mtengo, nyenje zikulira osapumira, masamba a mango ali lende. Chinali chaka chimene amuna a kuno anauzidwa kuti maulendo a ku migodi ya ku Joni atha, aliyense abwerere kwawo.

Ine ndine Nanyoni, wa m'tsinde mwa phiri la Dzonzi, kuno ku Ntcheu. Mwamunayo anali a Ngozo, mkamwini pamudzi pa amayi anga. Pa zaka khumi ndi ziwiri za ukwati wathu, zimene tinakhala pansi pa denga limodzi sizinakwane zinayi. Ankabwera nkupita, ankabwera nkupita. Ndinkawadziwa m'makalata kuposa pamaso. Tsiku limenelo anatsika pa lole ali mbuu, nsidze zitafiira ndi fumbi, nandipatsa moni ndi dzanja limodzi, linalo likadali pa bokosi.

Anthu anasonkhana pansi pa mtengo wa mango. Amuna ena a m'mudzi muno anabwera ndi mawailesi, ena malata, ena makina osokera. Ine mumtima ndinkati ndi makina osokera, ndipo ndinali nditasankha kale malo ake pakhonde. A Ngozo anazula misomali umodziumodzi, osafulumira, nafunyulula mabulangete awiri, ndipo munatuluka njinga yoyera mbee ngati kakowa.

Inali njinga yosowa zonse zimene njinga imakhala nazo. Inalibe kaliyala woti nkumangapo thumba la chimanga. Inalibe belu, inalibe nyale, inalibe madigadi, inalibe choimikira. Inalibe ngakhale mabuleki. Chiwongolero chake chinapindikira pansi ngati nyanga za nkhosa yamphongo. Matayala ake anali owonda ngati chala changa chamkombaphala, chishalo chake kachikopa kouma gwa, kosongoka ngati lilime la ng'ombe. Pa mapedulo panali timakola tachitsulo ndi malamba achikopa omangira mapazi. A Ngozo anainyamula ndi zala ziwiri, naikweza m'mwamba kuti tione kupepuka kwake, ndipo nkhope yawo inawala mmene inali isanawalirepo poyang'ana ine.

Alongo anga a Kefasi, amene ankadzitama kuti palibe njinga ingawagonjetse, anati aiyese. A Ngozo anawachenjeza kuti asaleke kupalasa, zivute zitani. A Kefasi anaseka, nalowera kumtsetse wopita kudambo. Pakati pa mtsetsewo anafuna kupumitsa miyendo monga timachitira pa njinga zonse, koma mapedulo sanaime. Anawakankha kuchokera pansi, kuwanyamula pachishalo, nkuwaponya m'tchire la chitedze, gubudu. A Ngozo anathamangira komweko, koma anayamba kuona njinga asanafunse alamu awo ngati avulala. Kuyambira tsiku limenelo m'mudzi munamveka kuti mkamwini wa kwa Nanyoni wabwera ndi misala m'bokosi.

Anthu atabalalika anandifotokozera, akupukuta tcheni ndi kansanza. Anati njingayi si ya pamsewu. Giya yake ndi imodzi yokha, yomangidwa nganganga ku gudumu la kumbuyo. Gudumu likazungulira mapedulo azungulire, mapedulo akazungulira miyendo izungulire. Ilibe kupumira pamtsetse, ilibe kunyengerera. Ukafuna kuima umalimbana nayo ndi ntchafu zako, pang'onopang'ono, mpaka itamva. Mabuleki sawaikapo dala, chifukwa kumene imathamanga anthu amatsatana gudumu pa gudumu, mpata wake wa chikhatho, ndipo mmodzi atati agwire buleki onse a pambuyo pake angaunjikane pa iye. Ndinafunsa ngati ingapite kuchigayo. Anati ayi. Ndinafunsa ngati inganyamule wodwala kupita kuchipatala. Anatinso ayi.

Ndiye anandiuza za bwalo. Kumgodi kwawo, kuseri kwa nyumba zogona amuna okhaokha, kunali bwalo la simenti lozungulira ngati dzira, losalala see. M'mbali mowongoka munali mwathyathyathya, koma m'makona munatukuka ngati m'mphepete mwa lichero, motsetsereka moti munthu wapansi amakwera chokwawa. Koma ukafika ndi liwiro, anatero, khomalo limakulandira, umapendekeka mpaka phewa kuloza pansi, osagwa. Panali mizere itatu, wakuda, wofiira ndi wabuluu. Panali belu lolira ukatsala ndi ulendo umodzi. Masiku asanu ndi limodzi ankakhala pansi pa dziko, mumdima wa bii, m'kutentha, m'phokoso la chitsulo choboola mwala, m'fumbi loti mnzako umamuzindikira ndi mawu. Lamlungu ankatuluka kudzuwa, ndipo pamenepo pankakhala mphepo, pankakhala thambo, pankakhala anthu zikwi akufuula dzina la munthu amene masiku ena onse ankaitanidwa ndi nambala. Njingayo anawapatsa a kalabu ya pamgodipo tsiku lotsanzikana, poti anaipalasa zaka zambiri ndipo inali itazolowera iwo.

Ndikanatha kuikonda njinga imeneyo. Ndinali pafupi kuikonda. Koma patapita sabata, ndikutulutsa zovala zawo kuti ndikayanike, ndinapeza kachitini pansi pa sutikesi. Munali timagiya ta mano osiyanasiyana, sipanala, ulusi, singano, ndi mendulo imodzi ya mpikisano wa njinga yokulungidwa m'kampango. Ine sukulu ndinalekeza Sitandade 4, koma manambala ndimawerenga. Kumbuyo kwa menduloyo kunalembedwa 14 Juni 1981.

Tsiku limenelo ndimalidziwa kuposa tsiku langa lobadwa. Linali Lamlungu lozizira, nkhungu itaphimba Dzonzi yense, kamvula ka mawawa kakugwa kosaleka. Ndilo tsiku limene tinaika m'manda Yembekezani, mwana wathu woyamba, wa chaka chimodzi ndi miyezi iwiri. A Ngozo anandisiya ndi pakati pa miyezi itatu. Mwanayo anabadwa iwo ali pansi pa dziko, anamera mano iwo ali pansi pa dziko, anayamba kuimirira chogwira mtondo iwo ali pansi pa dziko. Chikuku chinamutenga m'masiku asanu ndi anayi. Ndinamubereka kumbuyo, wapansi, mtunda wa maola anayi kupita kuchipatala, ndipo ndinabwerera naye kumbuyo komweko atazizira. Bambo ake sanamuone ndi tsiku limodzi lomwe. Ndiye apa ndinali nditagwira m'manja umboni wakuti pamene dothi linkagwera pa kabokosi kaja, iwo anali padzuwa, akuzungulira, anthu akuwaombera m'manja.

Ndinkadziwa kuti iwo sanadziwe. Kalata ya maliro inkatenga milungu itatu kuti ifike. Mutu wanga unkadziwa zimenezo, koma chifuwa changa chinakana kumva. Ndinakulunganso menduloyo, nkuibwezera m'kachitini, osanena kanthu. Ndinaphika, ndinachapa, ndinalima, ndinalera Siyileni, mwana wathu wamkazi amene anabadwa pambuyo pake. Koma njinga ija ndinkaidutsa monga umadutsira mkazi mnzako pachitsime.

Mvula ya chaka chimenecho itatha anandipempha malo. Kuno munda ndi wa mkazi, mkamwini amalima pamene waloledwa. Anapempha tsala la kumbuyo kwa nyumba, pakati pa zulu ziwiri, pamene amayi anga ankalimapo mawere kale. A Kefasi anakana kwamtuwagalu, nati malo amenewo ngoti adzalime Siyileni akadzakula. Ine ndinavomera. Sindinavomere chifukwa cha chifundo. Ndinkafuna ndimuone munthuyo akutopa, ndimuone akulephera, ndimuone akuipachika njingayo kudenga.

Sanatope. Anayeza malowo ndi mapazi, nakhoma zikhomo, namanga chingwe cha khonje. Anagumula chulu choyamba ndi khasu ndi piki, natuta dothi pa wilibala, naliunjika m'makona, nalithira madzi a pachitsime, nalisinja ndi chipika cha muwanga. Kuthira, kusinja, kuthira, kusinja. M'mawa ndinkadzuka ndi kugunda kumeneko, di, di, di, ngati pansi pa nthaka pali mtima. Khoma la dothi linafika m'mawondo, linafika m'chiuno, chaka chachiwiri linafika m'mapewa, ndipo zulu zonse ziwiri zinatha. Pomaliza anagwada nkuyamba kuzira bwalo lonse ndi manja, dothi la pachulu losakaniza ndi ndowe, monga timazirira ife akazi m'nyumba. Amuna odutsa ankaima nkumaseka, iwo osadzutsa mutu. Mzere wakuda analemba ndi makala osinja, wofiira ndi katondo wa kumtsinje. Wabuluu anasowa cholembera, nausiya.

Tsiku limene bwalo linauma koyamba anabwera kukhitchini atavala kabudula wakuda wothina, nsapato zopyapyala, ndi chisoti cha zikopa zolukana. Anaima pakhomo ngati mlendo. Anati pa njinga yotere mapazi amamangidwa ku mapedulo munthu asananyamuke, choncho pamafunika wina kumbuyo wogwira chishalo kuti wokwerayo asagwe, mpaka atanena kuti siya. Anati kumgodi aliyense ankasankha yekha womugwirira, munthu amene amamukhulupirira.

"Nanyoni, kandigwirireni chishalo."

Ndinali ndikupeta mphale. Sindinaleke kupeta.

"Manja anga ali ndi ntchito," ndinatero.

Anaima pang'ono, nabwerera. Sanafunsenso tsiku limenelo, sanafunsenso chaka chimenecho, sanadzafunsenso.

Anakadula mtengo wa bulugamu, nauzika m'mphepete mwa mzere wakuda. Ankatsamira pa mtengowo ndi phewa, kumanga lamba wa phazi ili, kumanga wa phazi linalo, kenako nkudzikankha. Akatopa ankachedwetsa miyendo maulendo awiri atatu, nkudzaukumbatira mtengowo. Mtengo ndiwo unkawanyamutsa, mtengo ndiwo unkawalandira.

Ine sindinkayang'ana. Amayi opita kuchigayo ankatula madengu nkuyang'ana, aphunzitsi ochokera kusukulu ankaima nkuyang'ana, ngakhale a Kefasi ankabisala kuseri kwa nkhokwe nkumasuzumira. Ine ndinkapereka msana. Koma makutu sindikanatha kuwatseka. Njinga ija inalibe phokoso la njinga zathu, kulira kwa tcheni, kugwedera kwa madigadi. Inkangoti fyee, ngati nsalu ikung'ambika patali, kuchepa ikamapita kutsidya, kukula ikamabwera, fyee, fyee. Ndinkadziwa ndi khutu pamene yakwera khoma ndi pamene yatsika. Ndinkadziwa tsiku limene aika giya ya mano ochepa, yolemera, ndi tsiku la mphepo limene aika yopepuka. Ndinkangopeza musi wanga ukutsatira kuzungulira kwake, ndipo ndinkakwiya, nkusintha kasinjidwe.

Masana bwalolo linkakhala lokha. Linkang'anima ndi kutentha, lofiira pakati pa minda youma, makoma ake awiri akuyang'anana ngati anthu okwiyirana. Abuluzi ankaothera dzuwa pa mzere wakuda. Kamvuluvulu kankalowa, kuzungulira kamodzi kawiri ngati nakonso kakuyesa, nkutulukira kudambo. Njira yanga yakale yopita kuchitsime inkadutsa pakati penipeni pa malowo, koma ine ndinatsegula ina yolambalala, yaitali, yodzera kuseri kwa khola. Ndowa inkalemera, khosi linkawawa, koma phazi langa silinaponde pamenepo.

Ndiye kunkabwera mvula. Inkabwera monga imabwerera kuno, mitambo itada bii kuchokera ku Mozambiki, mphepo patsogolo, kafungo ka dothi lonyowa, kenako waa. Ife tinkathamangira kumunda ndi mbewu, iwo ankaima kaye pakhonde kuyang'ana madzi akutsika m'makoma awo, akukumba tingalande, akunyamula makala ndi katondo kupita nazo kudambo. Pofika Malichi bwalo linkakhala zigwembe zokhazokha, bonongwe ndi chisoso zitamera pamene panali mizere. Ankalima nafe, ankapalira nafe, ankakolola nafe, ntchito ya m'munda sanaithawepo. Koma chimanga chikangolowa m'nkhokwe, wilibala inkayambanso kulira. Chaka ndi chaka mvula inkagumula, chaka ndi chaka iwo ankamanga. Bwalo lawo linkakhala ndi moyo miyezi itatu yokha, Ogasiti, Sepitembala ndi Okutobala.

Chimene chinkatha ndi matayala. Sanali ngati athu, ochotsa chubu nkumata. Chubu chake chinasokeredwa m'kati mwa tayala, ndipo tayalalo ankalimata ku limu, mkombero wa gudumu, ndi guluu, nkudikira masiku atatu kuti ligwire, chifukwa likapanda kugwira limavuka pakona munthu ali paliwiro. Anabwera nawo asanu ndi atatu, ndipo kuno kunalibe sitolo yowadziwa. M'mawa uliwonse ankasesa bwalo ndi tsache kusaka minga. Tayala likaphulika ankamasula ulusi, kumata chubu, nkusokanso, magalasi ali pamphuno. Ndinkawaona akulephera kulowetsa ulusi pasingano. Masiku ena ndinkasiya singano yanga pawindo, ulusi nditalowetsa kale, ngati ndaiwala. Ankaitenga, nkudzaibwezera pomwepo. Sitinakambepo. Matayala awiri omaliza, atsopano, anawakulunga m'nsalu nkuwabisa mumdima pansi pa bedi, nati amenewo ndi a tsiku lina.

Chifuwa chinawayamba a Ngozo ngati cha nyengo yozizira. Chinakhala chilimwe, chinakhala dzinja, chinakhalirira. Maulendo ozungulira anachepa, makumi anayi, makumi awiri, khumi. Ndinkawerenga ndili kukhitchini, osafuna. Kuchipatala cha ku Boma anajambula chifuwacho, ndipo dokotala anakweza chithunzi kuwindo natilozera timadontho toyera tili mbwee m'mapapo monse ngati mapira otayika. Anati ndi fumbi la mwala wa mumgodi, linalowa kalekale, silituluka, ndipo mankhwala amene alipo ndi ongochepetsa ululu. Anati azipewa fumbi. Pobwerera m'basi a Ngozo anaseka pang'ono, nati moyo wawo wonse wakhala wa fumbi, loyera kumeneko, lofiira kuno.

Njinga inakwera kudenga. Chimene ndinkafuna kuyambira pachiyambi chinachitika, ndipo sichinandikomere. Inalendewera pamtanda ndi zingwe ziwiri, utsi ukuidetsa, akangaude akuluka pakati pa masipoko. Bwalo linamera tsekera. Mbuzi zinkagona pamwamba pa makoma, nkhuku zinkafukula m'makona. Siyileni anali atapita kusukulu yogonera komweko ku Balaka, ndipo pakhomo tinatsala awiri. Zaka ziwiri kumbuyo kwa nyumba kunali zii. Ndinkasinja popanda chotsatira. Iwo ankakhala pampando wandalema pakhonde, mapewa akukwera ndi kutsika, mwendo wamanja ukugwedezeka wokha.

Chilimwe chachitatu, mu Sepitembala, ndinawaona akutuluka ndi kakhasu ndi kampando. Mphamvu zomanga makoma analibe. Anangolambula kanjira kamodzi m'munsi, kotakata ngati mphasa, ali chikhalire, kusuntha kampando, kupuma, kusunthanso. Kanawatengera milungu isanu. Kenako anatsitsa njinga, naitsuka mpaka kuyera kwake kunabwerera, natulutsa matayala awiri aja pansi pa bedi. Nyumba yonse inanunkha guluu. Anadikira masiku atatu. Ine ndinadziwa tanthauzo lake: ankafuna kupalasa komaliza.

M'mawa wa tsiku lachinayi ndinali kuchokera kuchitsime, ndowa pamutu. Dzuwa linali litangosuzumira paphiri, kuwala kwake kuli chogona, fumbi lopyapyala likuyandama m'menemo. Ndinawaona poyambira paja, atavala kabudula uja amene tsopano ankawakhwepa, akukweza mwendo pa njinga. Anatsamira pa mtengo wawo. Mtengowo unangoti phwa, nkugwa chagada, m'kati muli dothi lokhalokha. Chiswe chinali chitaudya kale, kusiya chikhungwa choimirira. A Ngozo anatera ndi phazi limodzi, naima choncho, akuyang'ana mtengo uli pansi. Sanatembenukire kunyumba. Sanaitane. Anangoweramitsa mutu pa chiwongolero, msana ukukwera ndi kutsika.

Sindikumbuka kuti ndinaganiza chiyani. Ndimakumbuka kuti ndinasiya njira yanga yolambalala, kuti ndinatula ndowa madzi nkutayikira pamapazi, ndi kuti ndinaponda bwalo limenelo koyamba chilimangidwire. Ndinaima kumbuyo kwawo, gudumu pakati pa mawondo anga, nkugwira pansi pa chishalo ndi manja onse awiri. Anakweza phazi, nawerama, nakoka lamba. Anakweza linalo, nakoka lamba. Tsopano thupi lawo lonse linali m'manja mwanga, ndipo linali lopepuka moti ndinachita mantha. Ndinkaona nthiti zawo kupyola malaya. Ndinkamva mpweya ukulowa ngati sowo pamtengo wouma. Kumbuyo kwa khosi lawo kunali imvi zimene sindinkazidziwa.

"Siyani," anatero.

Sindinasiye msanga. Ndinayenda nawo mapazi atatu, anayi, kenako manja anatseguka.

Ndipo ndinayang'ana. Poyamba njinga inadzandira, kenako inawongoka, ndipo munthu amene ankalephera kufika kukhola osapumira panjira anasanduka wina. Msana unagona, zigongono zinapinda, miyendo yowonda ija inazungulira mosalala ngati madzi otakasa mumtsuko. Fumbi linadzuka pambuyo pawo, likuwala m'dzuwa la m'mawa. Ulendo woyamba anadutsa pafupi nane, fyee, kamphepo kake nkugwedeza chitenje changa. Ulendo wachiwiri, pakona la kum'mawa, anasiya kanjira kolambula kaja nkukwera khoma pang'ono, mkono umodzi wokha, pakati pa ziputu za tsekera, napendekeka, dzuwa lili kumbuyo kwawo, masipoko ali ngwee. Pamenepo ndinaona chimene anthu zikwi aja ankafuulira. Ndinaona kuti mwamuna wanga anali wokongola pa chinthu chimenechi, ndi kuti ine ndinali womaliza m'mudzi monse kudziwa.

Ulendo wachitatu liwiro linatha. Ndinawaona akulimbana ndi mapedulo, akuchedwetsa, mutu ukugwa. Mtengo wowalandira panalibe, ndipo mapazi anali omangidwa. Ndinaima pakati pa kanjira nditatambasula manja monga umaimira pofuna kugwira mbuzi, ndipo anabwera molunjika kwa ine, pang'onopang'ono, mpaka chiwongolero chinandigunda pamimba, mutu wawo nkugwera paphewa panga. Tinaima choncho, ine, iwo ndi njinga. Anatsokomola nthawi yaitali. Mpweya utabwerera anagwira msana wanga, ine nkuwerama, kumasula lamba uyu, kumasula winayo, nkuwatsitsa. Ndinawakhazika m'tsinde mwa khoma, nkuwamwetsa ndi chikhatho madzi otsala m'ndowa.

Mawu amene ndinawasunga zaka zonsezo anatuluka okha, opanda ukali umene ndinkaganiza kuti adzatuluka nawo.

"Mendulo ija ndinaiona, a Ngozo. Ndinaona tsiku lake."

"Ndikudziwa," anatero. "Munaikulunga mosiyana ndi mmene ndimakulungira ine."

Anapuma. Kenako anandiuza, mawu atatu nkupuma, mawu atatu nkupuma. Anati kalata ya maliro itafika anawerenga masiku chobwerera m'mbuyo mpaka anakafika pa Lamlungu lija. Mendulo zina zonse, za kale ndi za pambuyo pake, anaziponya m'dziwe la madzi a pamgodi, kusiya imeneyo yokha. Sanaisunge chifukwa choinyadira. Anaisunga kuti asadzaiwale kumene anali tsiku limenelo. Ndinafunsa chifukwa chimene sanaisiyire njingayo. Anati anayesa miyezi isanu ndi umodzi, ndipo mdima wa pansi uja unayamba kuwatsatira mpaka kunja. Pa njinga pokha ndi pamene mutu unkakhala chete. Anati atabwera kudzapuma chaka chotsatira anafuna kufunsa za mwanayo, koma ataona nkhope yanga anaona kuti si woyenera kufunsa, ndipo chaka chilichonse funsolo linkalemera kuposa chaka chatha.

A Ngozo anamwalira patapita milungu isanu ndi umodzi, mvula itagwa kawiri. Koma m'mawa umenewo anali moyo, atatsamira khoma limene anamanga ndi manja awo, miyendo ili mbuu, ndipo anatembenuka nkundiyang'ana m'maso.

"Nanyoni, kodi mwanayo ankaoneka bwanji?"

Zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu palibe amene anandifunsapo funso limenelo. Ndinakhala pansi pambali pawo. Ndinayambira kumutu. Ndinawauza za liwombo lake lochedwa kutseka, za tsitsi lake lofiirira kunsonga, za makutu ake otambasuka ngati awo omwewo. Ndinawauza za kachipsera ka pachibwano, ka tsiku limene anagwera pa lichero. Ndinawauza kuti ankaopa nkhuku koma osaopa moto, kuti ankaseka ine ndikayetsemula, kuti ankagona chala chili m'kamwa, dzanja linalo litagwira khutu langa. Iwo ankamvetsera ali chitsinzinire, nthawi zina nkunena kuti bwerezani pamenepo, ine nkubwereza. Dzuwa linakwera, mthunzi wa khoma unafupika mpaka kutha, mbuzi zinalira m'khola kuti zitsekulidwe. Sitinadzuke. Ndinali ndisanafike pa mapazi ake.